Makalata a Stieglitz ndi a agogo athu a ku Wenela

Abale anga muli kumudzi, kuno ku Amereka kuli anthu amene ndalama zawo zimathera pa mapepala akale. Ena amasaka chilichonse chimene chinadutsa m'manja mwa Alfred Stieglitz, wojambula zithunzi amene anamwalira mu 1946. Mkuluyu analinso ndi malo oonetsera zaluso pa 291 Fifth Avenue ku New York. Pamenepo anaonetsa zojambula za Picasso mu 1911, kenako ziboliboli za ku Africa mu 1914, koma mayina a osemawo kunalibe.

Chimene amalimbirana kwambiri ndi magazini yake ya Camera Work, yomwe inatuluka ka 50 kuyambira 1903 mpaka 1917. Zithunzi zambiri za m'menemo ankazidinda kuchokera pa chitsulo cha kopa. Amalonda ena amathothola masamba n'kumagulitsa limodzilimodzi, ndipo zimenezi zimandinyansa. Koma taonani mmene ogula amagulira. Munthu sapisa m'thumba asanafunse kuti chinthuchi chinachoka kwa ndani, chinagona m'nyumba ya ndani, umboni wake uli kuti. Kalata yokhala ndi siginecha ndi deti imayankha zonsezo, n'chifukwa chake nayonso ili pa mtengo. Makalata amene ankalemberana ndi mkazi wake Georgia O'Keeffe, masamba pafupifupi 25,000, ali ku yunivesite ya Yale, ndipo anawatsegula mu 2006, patatha zaka 20 mayiyo atamwalira.

Nanga kwathu? Sikuti sitisunga. National Archives ilipo ku Zomba, Society of Malawi ili ndi laibulale ku Mandala House. Koma m'makomo mwathu makalata amene agogo ankatumiza ali ku Wenela amathera chiswe ndi chinyezi m'sutikesi ya kunsi kwa bedi, ena amakulungira zitumbuwa. Pogawana katundu wa malemu, maso onse amakhala pa njinga ndi malata. Mzungu akagula chiboliboli pamsewu, amanyamuka osafunsa dzina la wosema, wosemayonso salilemba pansi pake. Zija za 1914 tikuzichita tokha.

Ngati muli ndi zithunzi za ku situdiyo zija, chonde musakazimate pulasitiki, kutentha kwa makina kumaziononga. Ikani mu envulopu pamalo ouma, mulembe kumbuyo ndi pensulo dzina, mudzi ndi chaka. Amene simukuwadziwa mukafunse azakhali Loweruka likubwerali, mundijambulireko pa WhatsApp.