Masitazi ya zamalamulo: London kapena Pretoria?

Dzulo tikudikira minibasi ya ku Salima pa Benga, mphwanga yemwe anamaliza zamalamulo ku Zomba anandifunsa koti akachitire masitazi. Iye mtima uli ku London basi. Ndinati ayambe waganiza kuti ntchito adzaipeza kuti. Sikolashipu ya Chevening imakulipirira chaka chimodzi ku UK, koma ukamaliza umayenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri, ndiye zokhazikika ku UK aiwale. Ku yunivesite ya Pretoria kuli masitazi ya ufulu wachibadwidwe mu Africa, ndipo mabungwe a ku Lilongwe amafuna anthu otere. Komatu kunoku anthu akukanganirana malo a m'mbali mwa nyanja popanda loya wowathandiza. Inu maloya, tamulangizeni mnyamatayu.