Kusaka Mphezi M'munsi mwa Mulanje

Ife ojambula zam'mlengalenga ntchito timayiyamba mvula isanagwe. Mu Okutobala utsi wa lupsa ndi fumbi zimaphimba phiri la Mulanje, moti ngakhale Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, imangooneka mbuu. Masiku amenewa kamera imagona m'chikwama, mwini wake ali pa ulendo woyendera malo. Amaona pomwe paima mtengo paokha, pomwe njira yakhota m'minda ya tiyi, ndi khonde loti adzathawirepo zikadzavuta. Amapemphanso chilolezo kwa alonda a pa esiteti kapena kwa eni munda nthawi ikadalipo, chifukwa mtambo ukafika sipakhala mpata wa malonje.

Chizimalupsa chikatsuka mpweya, zinthu zimasintha. Mu Novembala ndi Disembala dzuwa limawotcha chigwa m'mawa wonse, mpweya wotentha n'kukwera motsata phiri, kuzizira, n'kusanduka mtambo. Cha kumasana mtambowo umakhala woyera mbee, ukufufuma ngati thovu la mowa. Dzuwa likapendeka, mutu wake umaphwatalala, kunsi kwake kuli bii. Wojambula akaona mutu wophwatalalawo amadziwa kuti mphezi sizili patali.

Malo abwino ojambulira si pansi pa mtambowo ayi. Chigwa cha Phalombe n'chosalala, ndipo munthu ataima patali amaona chimvula chonse, kuyambira pamwamba mpaka pomwe mizere ya mvula ikukhudza nthaka. Chithunzi cha mtambo wokhawokha sichiuza munthu kukula kwake. Pamafunika denga la malata, wanjinga amene akupalasa mothawa, kapena mayi akuanula ufa pa mphasa, kuti woona athe kuyerekeza.

Mphezi siijambulika pothamangira kudina ikang'anima, chifukwa chala chimachedwa. Timadikira chisisira kapena usiku, n'kukhazika kamera pa sitandi ya miyendo itatu. ISO timayiika pa 100, kabowo ka lenzi pa f/8, ndipo lenziyo timayilunjika ndi dzanja pa nyali yakutali, popeza mumdima kamera payokha imangosakasaka. Kenako shutter imatsegulidwa masekondi 10, 20 kapena 30, kutseka, kutsegulanso, mobwerezabwereza. Zithunzi zambiri zimatuluka zakuda. Mphezi ikagwa shutter ili chitsegukire, imadzilemba yokha ndi nthambi zake zonse, n'kuwalitsa thanthwe la Chambe kwa kamphindi.

Pa nthawi yonseyi pakamwa pamakhala pakuwerenga. Phokoso limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi 3, choncho bingu likamveka masekondi 30 asanakwane ching'anire, mphezi ili mkati mwa makilomita 10. Apo sitandi imapindidwa, munthu n'kulowa m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo. Mitsinje nayo ndi yoopa. Likhubula kapena Thuchila angasefukire kumunsi kusanagwe ngakhale dontho, madzi akuchokera pamwamba pa phiri. Anthu a ku Phalombe saiwala napolo wa mu Marichi 1991, ndipo zipsera zomwe namondwe Freddy anasiya m'mapiri mu 2023 zimalowa m'zithunzi zathu tisanazifune.

Utawaleza uli ndi malamulo ake. Umaoneka dzuwa likakhala kumsana kwa munthu, mvula ili kutsogolo, ndipo dzuwalo liyenera kukhala lotsika, losapitirira madigiri 42 kuchokera pansi. N'chifukwa chake sitiufuna masana dzuwa lili paliwombo. Madzulo umatulukira kum'mawa, ndiye amene akuufuna pamwamba pa Mulanje amaima kumadzulo kwa phirilo, mbali ya msewu wochokera ku Thyolo, chithunzithunzi chake chitaloza kuphiri.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, mphepo yozizira ndi yachinyontho yochokera ku nyanja ya India kudzera ku Mozambique. Kumachita mvula yowaza masiku angapo, anthu atakumbatira mbaula. Ambiri amati kulibe chojambula, komatu tiyi sabiriwira bwino kuposa pamenepa, chifukwa kuwala kumakhala kofewa, kopanda mithunzi yakuda. Vuto ndi loti kamera imapusitsika ndi kuyera kwa chifunga n'kudetsa chithunzi, choncho timawonjezera kuwala pang'ono ndi dzanja. Mphindi yamtengo wapatali ndi pomwe chiperoni chikutha, chifunga chikang'ambika n'kuonetsa nsonga imodzi yokha ili lende m'mwamba. Zimatenga mphindi zochepa, ndiye wodikira amakhala atalunjika kale, lenzi itapukutidwa.

Foni nayo imatha zambiri mwa izi. Chifunga ndi utawaleza imajambula bwinobwino, ndipo pa mphezi ena amajambula kanema n'kudzadulamo chithunzi chimodzi.

Pofika kunyumba ntchito imakhala isanathe. Chinyontho chikatsalira m'kati mwa lenzi, mumamera chuku chonga ulusi, chomwe chimadya galasi pang'onopang'ono mpaka zithunzi kumatuluka zachimbuuzi. Kamera imapukutidwa, batire n'kuchotsedwa, chikwama chonyowa n'kuyanikidwa padera. Malenzi amagona m'chitini chotseka bwino limodzi ndi timapaketi ta silica gel, tomwe tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo timapaketito timafunika kuumitsidwa kapena kusinthidwa pafupipafupi mpaka dzinja litatha.