Nyundo ya Mngelezi

M'nyumba mwathu ku Bembeke muli nyundo imene ife ana sitinkaloledwa kuikhudza. Bambo athu anabwera nayo kuchokera ku Limbe, kumene anagwira ntchito zaka zambiri kokonzera sitima, akuthandiza Mngelezi wina wosula zitsulo.

Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, ndipo imadzera kuchigwa, ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Kumeneko ndiko bambo ankatsikira wapansi kukakwera sitima, ife n'kutsala kumapiri kuno ndi chisanu chathu.

Mzunguyo sanali bwana wa muofesi ayi. Manja ake anali ndi zipsera za moto monga a bambo, makutu ake atagontha ndi phokoso la kukhoma zitsulo. Komabe malipiro ake ankaposa a bambo kutalitali, ndipo pa zaka zonsezo awiriwa sanapisepo dzanja m'mbale imodzi. Ichi bambo sankabisa, ngakhale kuti ankamukonda munthuyo.

Mkazi wake sanalizolowere dziko lino. Mwana wawo wamkazi anamwalira ndi malungo, ndipo bambo anathandiza kunyamula bokosi, laling'ono, losalemera n'komwe. Pobwerera kwawo mu 1964, Mngeleziyo anawapatsa nyundo ija, napempha chinthu chimodzi chokha: kuti manda a mwanayo asamere tchire.

Bambo ankapita kukalambula chaka ndi chaka mpaka miyendo inawakana. Ife tapitako kawiri kokha. Ulendo wotsiriza tinafunafuna mpaka dzuwa linapendeka, koma mwala wa pamandapo sitinaupeze.