Sowo ya patebulo iyambe kulowa m'shedi

Kalipentala wa kuno ku Chikwa akapeza kandalama, maganizo ake amathamangira makina achiwiri ofanana ndi omwe ali nawo kale, aja ocheka, kupala ndi kuboola pa mota imodzi. Ine ndimati ndalamayo ipite ku sowo ya patebulo, ya ntchito imodzi basi, ndipo chifukwa chake chili m'matabwa athu. Mlombwa ndi muwanga zimatifika kuchokera kwa ocheka pamanja, thabwa lili lonenepa uku, lopyapyala uko, m'mphepete mokhota. Musanaganize za chitseko kapena bedi, muyenera kuliwongola ndi kuling'amba m'litali, ndipo tsiku limathera pamenepo. Makina ochita zonse amacheka ndithu, koma tebulo lake ndi laling'ono, chitsulo chotsamiritsapo thabwa ndi chachifupi, moti thabwa la mamita atatu limagwedera kumapeto, mzere nkuthawa. Mukafuna kupala, mumamasula zomwe munatchera, ndipo pobwerera muyeso uja simuupezanso ndendende.

Vuto limeneli limakula ntchito ikakhala ya zinthu zambiri zofanana. Chiyambire 2022, pomwe boma linachotsa fizi m'masukulu ndi kukweza ndalama zachitukuko za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ana achuluka m'makalasi ndipo madesiki akufunika. Desiki silifuna luso la zokongoletsa. Limafuna matabwa ofanana m'lifupi, loyamba mpaka lomaliza. Sowo ya patebulo mumaitchera kamodzi m'mawa, wina nkumang'amba, mnzake akupala pa makina akale aja nthawi yomweyo, popanda kulindirana.

Otsutsa ali ndi mfundo yomwe sindiipeputsa. Amati kuno ndi kuchigwa cha Luangwa, sipeyala ali ku Lundazi, Chipata kapena ku Lusaka, ndipo mvula ikagwa mitsinje imadula msewu. Makina amodzi akafa, achiwiri amakupulumutsa. Koma tiyeni tione zomwe zimafa kawirikawiri: lamba, mabeyaring'i ndi kapasita ya mota. Zonsezi zimakwana m'kabokosi, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa mtengo wa makina athunthu. Komanso mbali yopala ikaima, puleni yapamanja imapitiriza ntchito, pang'onopang'ono koma bwino. Kung'amba muwanga wouma ndi sowo yapamanja tsiku lonse ndiye kumene palibe mmisiri angakwanitse nkumaliza oda pa nthawi yake. Ena amadandaula za jenereta, kuti mota ziwiri siingazikoke. Zoona, mota imakoka magetsi ambiri poyamba kuzungulira, koma vutoli lilipo ngakhale makina achiwiriwo akhale ochita zonse. Mankhwala ake ndi kuyatsa imodzi, ikhazikike, kenako inayo.

Ndivomereza malo amodzi: ngati makina oyamba atheratu, mipeni yake ikugwedera ndipo thabwa likutuluka ndi mafunde, gulani olowa m'malo mwake. Apo ayi, gulani sowo, ndipo musanalipire gwedezani chitsulo chotsamiritsa muone ngati chikugwira molimba kutsogolo ndi kumbuyo. Onetsetsaninso kuti kumbuyo kwa mpeni kuli kachitsulo kolekanitsa thabwa, chifukwa matabwa osaumitsitsa amapana mpeni nkubwerera pamimba pa wocheka, ndipo chipatala chachikulu chili kutali, ku Chama boma.