Kugula Range Rover Yakale

Anthu ena akapeza ndalama, mtima wawo umathamangira ku galimoto yotchedwa Range Rover. Galimoto imeneyi inayamba kupangidwa mu 1970 ku Solihull, m'dziko la England, komwe Land Rover inayambira mu 1948. Yatsopano amagula ndi anthu olemera okha, koma ikakalamba mtengo wake umatsika kwambiri, ndipo mlimi wogulitsa fodya kapena mwini sitolo amakopeka nayo.

Ubwino wake ulipo ndithu. Injini imayendetsa mawilo onse anayi, ndiponso thupi lake ndi lokwera. Pa dzinja, misewu ya kumudzi ikasanduka matope, iyo imadutsa pamene galimoto zing'onozing'ono zatitimira, ndipo wodwala amafika kuchipatala atakhala pa mpando wofewa.

Koma wogula ayenera kudzifunsa chifukwa chimene mwini wake akuigulitsira motchipa chotere. Injini yake yaikulu imamwa mafuta ambiri, ngakhale pa ulendo waufupi wa kuchigayo. Vuto loposa lili kunsi. Kuyambira mu 1992, zambiri za mtunduwu zimakhala pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i achitsulo. Matumbawa ndi a labala. Akakalamba amang'aluka, mpweya n'kutuluka, ndipo m'mawa galimoto imapezeka itagwada. Makaniko wa pa boma, amene Toyota amaidziwa bwino, amangopukusa mutu, pakuti matenda ambiri a galimotoyi amaoneka ndi kompyuta. Kawirikawiri chipangizo chatsopano chimachokera kunja, ndipo amene anathera ndalama zonse pogula amadikira miyezi, galimoto ili pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake.