Nyumba imadziwika m'dzinja

Kwathu kuno kunyanja, nyumba zambiri zimagulitsidwa m'chilimwe. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala dzuwa limakhala litaumitsa chilichonse. Bwalo limakhala gwa, zipupa zili mbee ndi laimu watsopano, ndipo nyanja imakhala itabwerera kutali n'kusiya mchenga woyera ngati kuti sinayambe yafikapo pakhomo pa munthu. Wogula akafika nthawi imeneyi amapeza nyumba itavala za pa Eid. Koma aliyense amene anakulira ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota akudziwa kuti nyumba imaonetsa nkhope yake yeniyeni mu Febuluwale, mvula ikamagwa usiku wonse, ndiponso mu Epulo ndi Meyi, pamene nyanja imadzaza kufika pachimake. Wogula amalipira mu Okutobala nyumba imene adzaidziwe bwino mu Febuluwale.

Ife a m'banja lino tinafika pamphambano imeneyi mu 2024. Ndalama zimene tinali nazo zinali thukuta la zaka 9. Ngongole ya chiwongoladzanja sitinaifune, pakuti riba ndi yoletsedwa kwa ife, choncho tinasonkha pang'onopang'ono kuchokera ku phindu la usipa wouma umene timatumiza ku Limbe, ku malipiro a uphunzitsi, ndi ku zimene mwana wathu woyamba amatumiza kuchokera ku Johannesburg. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo tinaona zosunga zathu zikusungunuka ngati mchere m'madzi. Mtima unkatiuza kuti tigule msanga zisanathe. Dobadoba amene anatipezera nyumba ankaudziwa bwino mtima wotero, ndipo tsiku lililonse ankatikumbutsa kuti kuli anthu a ku Lilongwe amene akubwera Loweruka ndi ndalama m'manja.

Nyumbayo inali cha kumene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja. Inali ndi zipinda zogona zitatu, mpanda wa njerwa, chitsime pabwalo ndi mtengo wa mango kuseri, ndipo adhana ya Fajr inkamveka bwino munthu ali pamphasa. Mwini wake anali bambo wachikulire amene timaswali naye mzikiti umodzi, phewa ndi phewa pa Ijumaa. Apa ndi pamene panali povuta. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kodi tingawauze bwanji bambo otere kuti tikufuna kubwera ndi mmisiri adzagogode zipupa zawo, adzakwere kudenga ndi kusuzumira m'chimbudzi? Kwa ife zinkamveka ngati kuwauza pamaso kuti mawu awo sitikuwakhulupirira. Mabanja ambiri m'midzi yathu amagula nyumba ataiona kamodzi kokha, akuyenda kumbuyo kwa mwini wake ndi kuyamikira chilichonse, chifukwa cha manyazi omwewa.

Amene anatimasula anali amjomba athu, amene anaphunzitsa madrassa zaka zambiri. Iwo anatikumbutsa nkhani yopezeka m'buku la Hadith la Imam Muslim. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anadutsa pamulu wa chakudya chogulitsa, ndipo anapisa dzanja lake m'kati mwa muluwo. Zala zake zinakhudza chinyezi. Atamufunsa mwini wake, iye anayankha kuti chakudyacho chinanyowa ndi mvula. Mtumiki anamudzudzula chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo anachenjeza kuti wachinyengo sali m'gulu lake. "Nonse mumakumbukira chenjezolo," anatero amjomba, "koma mumaiwala dzanja lija. Mtumiki sanaime patali n'kuyamikira mulu. Ngati iye anapisa dzanja pamalonda a Msilamu mnzake, inu mukuchita manyazi ndi chiyani?"

Tinaitana mmisiri womanga wa ku Namwera, amene analibe ubale ndi ife kapena ndi mwini nyumba. Malipiro ake a tsikulo anali ofanana ndi mtengo wa matumba awiri a simenti. Anabwera ndi nyundo yaing'ono, msomali wautali, tochi ndi makwerero obwereka. Sanayambire pabalaza pamene alendo amayambira. Anazungulira kaye kunja, nakaima kuseri kwa mpanda, mbali imene munthu sapakako laimu. Pamenepo anatisonyeza mzere wofiirira, wowongoka ngati wojambula ndi chingwe, wofika m'mawondo. "Madzi saiwala khwawa," anatero.

Tonse tinali tikukumbukira zimene nyanja inachita chaka chomwecho. Inakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa mlingo wa nyanja zamchere, n'kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe, ndipo akuluakulu amati mu 1980 inakwera kuposa pamenepo. Gogo wina woyandikana ndi nyumbayo, titamulonjera ndi kumufunsa mwaulemu, anatiuza kuti madzi anaima pabwalopo milungu 7, ndipo analekezera pasitepe yachiwiri ya khonde. M'nyumba sanalowe, koma anagona m'maziko.

M'kati, mmisiri anakanda chipupa ndi msomali pafupi ndi pansi. Kuseri kwa laimu watsopano pulasitala ankayoyoka ngati ufa, ndipo panjerwa panali zoyera ngati mchere. Anatifotokozera kuti njerwa imamwa madzi a m'nthaka monga chingwe cha nyali chimakokera mafuta, ndipo ngati womanga sanayale pulasitiki pakati pa maziko ndi chipupa, chinyezi chimakwera chaka ndi chaka. Kenaka anakwera kudenga. Matabwa 6 anali atadyedwa ndi chiswe, moti msomali unkalowa ngati m'chinangwa chophika. M'khitchini, mmene munalibe siling'i, anatiuza kuti titseke chitseko ndi zenera, tiyang'ane kumwamba. Malata anali ndi timabowo towala ngati nyenyezi, makamaka pamene misomali inachita dzimbiri.

Pamwamba pa zenera la chipinda chachikulu panali mng'alu womatidwa. Iye anatiphunzitsa kusiyanitsa. Mng'alu woonda ngati tsitsi, wongokhala papulasitala, suopsa. Woopsa ndi umene umatsata mizere ya njerwa ngati masitepe n'kuonekera mbali zonse ziwiri za chipupa. Ife timakhala m'chigwa cha zivomerezi. A ku Salima sanaiwale cha mu Malichi 1989, ndipo a ku Karonga cha mu Disembala 2009. Choncho anagogoda pamwamba pa mazenera kuzungulira nyumba yonse kufuna kumva ngati pali bimu ya konkire yomanga zipupa pamodzi. Alhamdulillah, inalipo. Mng'aluwo unachokera pangodya imene madzi a padenga amagwera n'kufewetsa nthaka, ndipo anati ndi wotheka kukonza.

Potsiriza anayenda kuchokera pachimbudzi chokumba kufika pachitsime, akuwerenga mapazi. Anapeza 12 okha, pamene azaumoyo amalangiza mamita osachepera 30. M'dothi lamchenga ngati lathu, mmene madzi a pansi ali pafupi, zam'chimbudzi sizichedwa kufika m'chitsime. Kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno ndipo anasautsa kwambiri maboma a kunyanja, anali asanachoke m'maganizo mwathu. Amenewa ndiwo madzi amene ana athu akanamwa, ndi amene tikanapangira wudhu kasanu patsiku. Ifenso tinali ndi chathu choyang'ana chimene mmisiri sakanachiganiza. Kibla kuno ili kumpoto, mopendekera pang'ono kummawa, ndipo tinafuna kuona ngati wokhala m'chimbudzi sakuiyang'ana kapena kuifulatira. Apo panalibe vuto.

Panatsala chilema china chimene nyundo singachipeze. Titapempha mapepala a malo, kalata ya amfumu inali m'dzina la malemu mayi a bambowo. Iwo anali ndi alongo awo awiri, mmodzi ku Makanjira, wina ku Blantyre. Mwambo wathu wa mbumba umapatsa akazi mawu aakulu pankhani ya malo. Malamulo a mirath amapatsa ana aakazi gawo lawo pamodzi ndi aamuna, ndipo lamulo la boma la chuma cha masiye la mu 2011 limatetezanso ana a womwalira. Mwa njira zonse zitatu, nyumbayo sinali ya munthu mmodzi. Denga lodontha limakonzeka ndi malata atsopano, koma nyumba yogulidwa pamwamba pa misozi ya alongo imadontha mpaka kwa zidzukulu.

Tinakumana pakhonde la shehe itatha swala ya Asr. Tinayamba ndi kunena kuti, "Bambo, sitinabwere kudzakutsutsani. Nyumba yanu taikonda, ndipo tikufuna tidzakhalemo tikukupatsanibe salaam ndi mtima woyera." Kenaka amjomba anawerenga mndandanda wa mmisiri. Bambo aja anakhala chete nthawi yaitali, akuyendetsa tasbihi m'zala. Pomaliza anati, "Ana anga, za chiswe sindinkadziwa, kudenga sindinakwereko zaka zambiri. Za madzi ndinkadziwa. Laimu uja ndinapaka ndine. Ndinkaopa kuti mukaona mzere uja muthawa, pamene mayi anu kunyumbaku akufunika chithandizo cha kuchipatala."

Palibe amene anawakalipira. Shehe anangofotokoza zimene maulama amaphunzitsa pa khiyar, ufulu wobweza malonda. Wogulitsa amene akudziwa chilema ayenera kuchitchula. Wogula akapeza pambuyo pake chilema chakale chimene chinabisika kwa iye, ndipo chikutsitsa mtengo wa chinthucho, ali ndi ufulu wobweza n'kulandira ndalama zake, ndipo a Shafi'i amati achite zimenezo mosazengereza. Koma amene waona chilema n'kuvomera kugula sangabwerenso mawa ndi mlandu. "Mukuona," anatero shehe, "mmisiri uyu wateteza nonse. Chimene chanenedwa lero pakhonde pano sichidzakhala mlandu kubwalo la amfumu. Ndipo Mtumiki anatiphunzitsa kuti ogulitsana akanena zoona ndi kuulula zilema, malonda awo amadalitsidwa, koma akabisa ndi kunama madalitsowo amafufutidwa."

Mtengo unatsitsidwa molingana ndi zimene mmisiri anawerengera pamatabwa, pulasitala ndi ngodya ija. Za malata sitinazilowetsemo, pakuti dzimbiri linali poyera kwa aliyense wokweza maso, ndipo sikunali koyenera kufinya munthu amene ali ndi wodwala pakhomo. Alongo awiri aja anaitanidwa. Anafika patapita milungu itatu, nthawi imene kwa ife inali yaitali ngati chaka, ndipo aliyense anavomera gawo lake n'kudinda chala pamaso pa nyakwawa. Anthu a ku Lilongwe aja sanaoneke Loweruka lililonse. Popeza gawo lomaliza la ndalama tinagwirizana kudzapereka patapita miyezi inayi, imeneyo inali ngongole, ndipo ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, imanena za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Tinalemba zonse, pamodzi ndi zilema zimene tinaziona n'kuzivomera.

Dzinja loyamba linatipeza titasintha matabwa, titakumba ngalande kuzungulira nyumba, ndipo madzi akumwa tikutunga pampope. Mu Febuluwale panatulukira kudontha kwina pamwamba pa chitseko cha kuseri, kumene mmisiri kapena mwini wake sanakudziwe. Tinakonza tokha osapita kwa aliyense. Za nyanja zili m'manja mwa Allah. Ikadzabweranso pasitepe yachiwiri, idzatipeza tikuiyembekezera, pakuti tinagula tikudziwa.

Mayeso aakulu anabwera kuchokera mbali ina. Kuti timalize ngongole ija tinayenera kugulitsa kanyumba kathu kakale ka zipinda ziwiri. Nakonso kali ndi zake. Ngodya ya kumwera imadontha mvula ikabwera ndi mphepo, ndipo pali mkangano wakale ndi oyandikana nawo wokhudza malire pamtengo wa bwemba. Dobadoba anatilangiza kuti chidebe chimodzi cha laimu chikwanira, ndipo za bwemba wogula adzazimva yekha akadzalowa. Tsiku lolipira linali likuyandikira, ndipo pamenepo tinamvetsa mtima wa bambo aja kuposa mmene tinaumvera pakhonde la shehe.

Wogula woyamba tinamutengera pangodya ija asanalowe n'komwe m'nyumba, ndipo sanabwerenso. Wachiwiri atamva za malire anati akaganize kaye. Wachitatu, namwino wachinyamata amene anali atangokwatira, anamvetsera zonse, anabwera ndi mmisiri wake, ndipo anatsitsa mtengo ndi ndalama zimene zikanatigulira malata a denga lonse. Tinalandira. Ngongole tinamaliza mochedwa ndi masiku 10, titapempha bambo aja kuti atidikire, ndipo iwo anavomera mosavuta. Malata akale akadali padenga mpaka lero, tikumata mabowo ndi phula.

Mndandanda wa mmisiri wa ku Namwera tinausunga m'chikwama chimodzi ndi kalata ya mgwirizano. Pansi pake tinawonjezera kudontha kwa pachitseko cha kuseri, ndipo chilichonse chimene nyumbayi idzationetse m'madzinja akubwerawa tidzalembanso pomwepo. Ana athu tawauza kuti tsiku limene adzafune kuigulitsa, kaya tili moyo kaya tapita, pepala limenelo adzalipereke kwa wogula asanatchule mtengo.