Galu wokalamba akayamba kudzandira

Kuno ku Chibavi galu akasokonezeka mwadzidzidzi, mawu oyamba amakhala akuti chiwewe. Sindiwadzudzula anthu. Chiwewe chikangoonekera mwa munthu kuchira n'kosowa, ndipo olumidwa ambiri ndi ana.

Bingo wathu ali ndi zaka 13. M'mawa wina mu Juni, chisanu cha Mzuzu chili pachimake, anadzuka mutu utapendekeka, maso akuvinavina, akudzandira ngati woledzera. Anasanza kawiri. Aneba anati, "Mayi, mupheni ameneyu." Ine ndinamutsekera m'kachipinda, ndinaletsa ana kumukhudza ngakhale malovu ake, n'kuitana mlangizi wa ziweto.

Anayamba ndi kufunsa za katemera. Bingo anali atabayidwa chaka chomwecho, ankamwa madzi, ndipo ankagwedeza mchira akamva mawu anga. Mlangiziyo anati vuto likuoneka kuti lili m'kati mwa khutu, m'mene mumathandiza thupi kuima bwino. Mukasokonekera, galu amamva chizungulire choopsa. Okalamba ambiri amayamba kupepukidwa pakatha masiku atatu, n'kuchira m'masabata awiri kapena atatu.

Komabe analamula kuti akhale wotsekeredwa masiku 10, poti galu wachiwewe akayamba kudwala sawapitirira. Anatinso wina akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite ku Mzuzu Central Hospital tsiku lomwelo, osadikira kuona za galuyo.

Tsiku lachinayi Bingo anaimirira yekha n'kudya phala. Mutu wokha ukadali wopendekeka pang'ono.